Womasulira Filimu Anandilanda Mawu

Malotowa andisowetsa mtendere chidzukireni. Ndinalota ndili m'nyumba yoonetsera mafilimu ya pamsika, ija ya mabenchi ndi chinsalu chakuda pakhomo. Mkati munkanunkha thukuta ndi chimanga chootcha. Filimu yake inali ya chombo chochokera mlengalenga, ndipo womasulira m'Chichewa ankathira nthabwala zake monga mwa nthawi zonse.

M'chombomo munatuluka chinthu chamiyendo yazitsulo, chopanda maso, dovu likuchucha. "Afika apongozi, abwera kudzaona adzukulu!" anatero womasulira. Anthu anafa ndi phwete. Chinthucho chinatuluka pakanema n'kutera pakati pathu, fumbi koboo! Anthu kumangosekabe.

Chinandigwira pakhosi, zala zake zozizira ngati botolo la m'firiji. Ndinayesa kukuwa, koma m'kamwa mwanga munatuluka mawu a womasulira uja: "Musadandaule, ine ndine uja amafa filimu ikangoyamba!" Mkazi wanga, pambali panga pomwepo, anaseka mpaka misozi.

Kaya zikutanthauzanji, kaya. Nditadzuka ndinamufotokozera mkazi wanga zonse. Ndinati, "Amake Tadala, mukanandipulumutsa?"

Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka. Kasekedwe kake komwe kaja.