Mawindo Amene Akalipentala Anakhoma

Nkhuku makumi atatu, mazira asanu ndi awiri basi pa tsiku! Mayi a mapasa anakhumudwa nazo. Koma chimene chinawapsetsa mtima zedi ndi mawu a amuna awo, akalipentala.

"Mazirawa mukupereka kwanu. Mukuyesa sindikuona?"

"Ine? Zaka khumi ndili pakhomo pano, lero ndasanduka wakuba mazira?"

Bambowo anawalanda kiyi wa khola n'kumuika m'thumba la ovolosi. Tangoganizani, munthu wolawirira kusesa zitosi tsiku ndi tsiku, kumulanda kiyi ngati mlendo! Kiyi ali m'thumba momwemo, mazira anatsika kufika pa anayi. Mayi sanafune kukangananso. Anaitana alangizi a ziweto.

Alangizi anafika dzuwa lili paliwombo. Atangolowa m'khola anapunthwa pa chomwera cha nkhuku chifukwa cha mdima, mpaka anayatsa tochi ya pafoni.

"Mawindo ali kuti muno?"

"Ndinakhomapo matabwa kuopa chisanu," anatero akalipentala monyadira. "Onani, palibe ngakhale kampata."

"Luso muli nalo ndithu, bambo. Koma wakuba mazira wanu ndi uyu." Alangizi anagogoda thabwa. "Nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala maola khumi ndi anayi mpaka khumi ndi asanu ndi limodzi pa tsiku. Kuwalako n'kumene kumauza thupi lake kuti lipange dzira. Mumdima chonchi imadyanso pang'ono. Chotsani matabwawa, muike waya. Masiku akafupika, muziyatsa babu mbandakucha, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Koma osayatsa usiku wonse ayi, nazonso zimafuna tulo."

"Mwamva?" anatero mayi mwaukali. "Munanyoza ine, munanyoza abale anga, chikhalirecho wakuba ndi hamala yanu!"

Akalipentala anakatenga hamala ija. Tsiku lomwelo anazula misomali yonse.

Patatha masabata atatu, mazira anafika makumi awiri ndi anayi. Bambo anatulutsa kiyi uja mwamanyazi n'kuwapatsa mayi.

"Kiyi yekha sindilandira," anatero mayi. "Muyambe mwapita kwathu, mukawauze amayi anga kuti wakuba wapezeka."

Anapitadi, thireyi ya mazira ili m'manja, ndipo anakapepesa.

Nkhuku zoikira zimafuna kuwala kokwanira tsiku lililonse. Mazira akachepa, lowani m'khola muone ngati mukuwala musanaloze chala munthu wosalakwa.