Adokowe a Kumanda

Tili m'basi ndinamuuza Raymond kuti kwathu ku Wimbe mwamuna wodzaonekera amakhala pansi, manja pamaondo, n'kumayankha zokhazo zimene wafunsidwa. Anavomera zonse. Chimene sindinadziwe n'chakuti m'chikwama anabisamo magalasi ake oonera patali.

Raymond ndi mphunzitsi wa sekondale pa Boma, wokulira m'tauni, ndipo matenda ake ndi mbalame. Malichi akafika mtima sukhala m'malo, ati adokowe akusonkhana kuti abwerere ku Ulaya, akachedwa awaphonya. Masiku onse ndinkangomuseka. Koma tsikulo tinkapita kwa malume anga, a Sankhani, amene anandilera chimwalirireni amayi. Iwo akati ayi, ukwati wathera pomwepo.

Tinawapeza ali m'chigafa, akupachika fodya. Anatilonjera mosasekerera n'kutiuza kuti tidikire amalize. Ine ndinalowa m'nyumba kukasiya katundu ndi kucheza pang'ono ndi akazi awo. Potuluka ndinapeza mpando umene ndinamusiyapo Raymond uli wokha.

Ndisanafunse n'komwe, ndinamva mfuu kumunsi kwa minda.

"Mfiti! Gwirani mfiti!"

Ndinadziwiratu kuti zavuta, chifukwa kumunsiko ndi kumanda. Kwathu mitengo inatha kalekale, ina inamangira zigafa, ina inapsa powotcha fodya. Msitu wotsala ndi wa kumanda wokha, poti nkhwangwa siilowako. Munthunso salowako popanda maliro kapena chilolezo, ngakhale kulozako chala timaopa. Mbalame sizidziwa zimenezo, zimangoona mitengo. Raymond nayenso, ndi sukulu yake yonse, anangoona mbalame.

Ndinathamanga kudutsa m'mizere ya fodya, masamba akundimata m'miyendo. Ndinapeza anthu atamuzungulira m'mphepete mwa msitu, ena zikwanje zili m'manja. Nelson, mwana wa malume, anali atamugwira pakolala, malaya aja ndinasita usiku atathothoka mabatani.

"Ndamuona ndi maso angawa!" ankakuwa mayi a Fundo, oyandikana nyumba ndi malume. "Akusuzumira manda ndi makina. Akusankha woti adzamufukule!"

"Sindinalowe, amayi," anatero Raymond. "Ndimangoona mbalame."

"Mbalame?" anafunsa Nelson. "Nanga legeni ili kuti?"

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Bambo wina anawerama n'kutola chibuma. Ndinadzipanikiza pakati pawo n'kuima patsogolo pa Raymond.

"Musiyeni, ndi mlendo wanga!"

Mayi a Fundo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Wako, Lusiya? Amayi ako ali momwemu, iwe n'kutibweretsera zoterezi?"

Manyazi anandigwira, mkwiyonso. Ndinkafuna kumuteteza Raymond ndiponso kumutsina khutu nthawi imodzi.

Malume anafika mosafulumira, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anthu anawapatsa njira. Sanamuyang'ane Raymond, anayang'ana ine.

"Uyu ndiye wabwera naye uja?"

"Ndi yemweyu, malume."

Malume anatsatira mapazi a nsapato za Raymond pa dothi lonyowa. Mapaziwo anathera pamzere womaliza wa munda, osapitirira. Anabwerera n'kutambasula dzanja.

"Patseni chinthucho."

Raymond anagwada n'kuwapatsa magalasi aja ndi manja awiri. Anawaonetsa pozungulitsa kuti ziwoneke bwino, n'kuwauza kuti akweze pamwamba pa mtengo waukulu. Kumeneko kunali mbee, adokowe atadzaza nthambi zonse ngati zovala zoyanika. Malume anawayang'ana pang'ono chabe. Kenako magalasi anayamba kutsika, kutsika, mpaka anaima pansi pa mtengowo.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinkangoyang'ana chibuma chija, chimene mwini wake anali asanachitaye. Ndinati mumtima basi zatha.

"Mtanda wa mlongo wanga wagwa," anatero motsitsa. "Chiswe chadya."

Anandipatsa magalasiwo. Poyamba ndinangoona zobiriwira, kenako thabwa litagona pa udzu, dzina la amayi litatsala theka. Chiwaikireni ndinali ndisanaonepo pamene anagona, ngakhale ndinkadutsa pamsewu wapafupi chaka ndi chaka. Ndinalira osabisa.

Nthawi yomweyo kunamveka phuu, adokowe onse ananyamuka. Anazungulira pamwamba pathu, akukwera, n'kulunjika kumpoto. Anthu anakweza maso, mayi a Fundo omwe. Raymond yekha, amene anadikira zimenezi chaka chathunthu, anakhalabe chogwada, maso ali pansi.

Malume anamuyang'ana tsopano, koyamba tsiku limenelo.

"Nelson, musiye. Iwe uko, taya chibumacho." Anatenga magalasi m'manja mwanga n'kuwakoleka m'khosi mwawo. "Awa atsala kwa ine. Mawa ndikapempha chilolezo, Loweruka tikakonze pamene pagona mlongo wanga."

Anayamba kubwerera kuchigafa, kenako anatembenuka.

"Inu akamwini, khasu mumalitha?"

"Ndiphunzira, malume."

"Mubwere nalo."