Duwa la Pangodya ya Shedi

Mlimi wa mavwende anali ndi lonjezo limodzi, koma analipereka kwa akazi awiri. Chaka chatha ananong'oneza Kadzuwa, mtsikana wosamalira mbewu m'shedi yake ya pulasitiki, kuti, "Vwende loyamba likangogwira, tikwatirana." Chaka chino Kadzuwa, ali kuseri kwa thanki ya madzi, anamva mawu omwewo akupita kwa msuweni wa Kadzuwa yemweyo, woluka tsitsi.

Sanalire. Anakamasula thumba la feteleza wokulitsira masamba.

Mavwende akadya feteleza ameneyu mopitirira amatanganidwa ndi masamba, kubereka n'kuiwala. M'mawa uliwonse Kadzuwa ankaonjezera chikho chosefukira m'thanki. Nyali za m'shedi anazitchera kuti zizichedwa kuzima, poti tsiku likatalika amachuluka ndi maluwa aamuna. Mankhwala opopera, oitana maluwa aakazi, anawakhuthulira m'ngalande, botolo n'kulidzaza madzi.

Mbewu zinayanga mpaka kudenga, zobiriwira ngati zopaka utoto. Maluwa anadza ambirimbiri, achikasu, koma onse aamuna. Palibe ndi limodzi lomwe linali ndi kavwende kunsi kwake.

Msuweni ankabwera masana aliwonse, diresi la ukwati atalisoketsa kale.

"Asuweni, inu mumazidziwa mbewuzi. Zibereka liti?"

"Zatengera mwini wake," anatero Kadzuwa. "Maluwa ambiri, chogwirika palibe. Kapena ndikunama, alamu?"

Mlimi anaseka kuseka kouma, maso ali pansi.

Tsiku lina akupalira, Kadzuwa anafika pangodya pomwe kuwala kwa nyali sikunkafika, paipi yobweretsa madzi a m'thanki itatsekeka. Pamenepo panali duwa lalikazi, kavwende kaubweya kali kunsi kwake. Mpando wawo wakale unali pomwepo, pomwe iye ndi mlimi ankakhala n'kumatchula maina a ana awo am'tsogolo. Anagwada nthawi yaitali, kavwendeko kali pakati pa zala zake, kofunda ngati tsaya la khanda.

Kenako anakathothola.

Anapeza mlimi ndi msuweni pakhomo la shedi, iye duwa lili m'tsitsi.

"Lakukhalani bwino, asuweni," anatero msuweni, n'kulikonza ndi dzanja lake kuti lisagwe. "Mwalitenga kuti?"

Mlimi anali atakaona kale kavwendeko.

"Afunseni alamu," anatero Kadzuwa. "Vwende loyamba linali langa chaka chatha. Ndangochedwa kudzalitenga."

Anakoloweka makiyi a shedi pamsomali, natuluka pageti osatembenuka.