Ana a M'chipinda cha Matsache

Pasukulu pathu pali chizolowezi chimene sitichitchula pamsonkhano. Kukamveka kuti kukubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro, timasesa, timapukuta mawindo, kenako timabisa ana. Eya, kubisa ana! Amene kuwerenga kumawavuta timawapezera kantchito kuseri, kuti mlendo akaloza mwana aliyense, yankho lizingotuluka ngati madzi a pampopi.

Sabata yatha ahedi analowa m'kalasi mwanga thukuta lili kamukamu.

"Aphunzitsi, galimoto ili m'njira. Anu aja mukuwadziwa."

Kuwadziwa ndiye ndimawadziwa. Woyamba ndi Kachete, mtsikana wobwerezabwereza sitandade 3. Anzake anam'patsa dzinali chifukwa ukam'funsa funso amangoyang'ana zala zake. Nzeru ali nazo mwanayu, koma zilembo zimam'sokonekera, ndipo ine ndekha ndi chikhamu chonse cha ana m'kalasi mwanga sindingakhale naye pansi. Ahedi anali atalonjeza makolo kuti ofesi ikayamba kugawa aphunzitsi owonjezera, othandiza ana otsalira, ifenso tidzalandira wathu. Mayi ake a Kachete ndi amene anaomba m'manja kuposa onse.

Ndinatenga Kachete ndi anzake n'kupita nawo m'chipinda chosungira matsache ndi ndowa, chogundizana ndi ofesi ya ahedi.

"Ndasankha inuyo chifukwa ndinu odalirika," ndinatero. "Mukonze muno mwakachetechete, osatuluka mpaka ndibwere."

Kachete anamwetulira. Ine n'kukoka chitseko.

Alendowo anali azimayi awiri. Sanayang'ane mawindo athu owala aja ngakhale pang'ono. Anakhala patimipando ta ana n'kumaitana mmodzimmodzi kuti awerenge. Ana anawerenga, abale inu, mpaka ine ndinayamba kudzimva ngati katswiri.

Titalowa mu ofesi, wamkulu wa awiriwo anavula magalasi.

"Ahedi, ife lero sitinabwere kudzayendera ntchito yanu ayi. Aphunzitsi owonjezera aja abwera, koma ndi ochepa, ndiye tikuzungulira kuona kumene ana akuvutika kwambiri. Kunoko mwatipeputsira ntchito. Amene tinkaganiza zokupatsaniyo tim'tumiza kwina."

Ahedi anandiyang'ana. Inenso ndinawayang'ana. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, poti woyamba kutsegula pakamwa ndiye avomere kuti zaka zonsezi takhala tikuwapusitsa anthuwa. Nthawi yomweyo kuseri kwa khoma ndowa inagwa, phoo!

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa mlendo uja.

"Makoswe," anatero ahedi. "Atisowetsa mtendere."

Ine ndinaseka. Ndinasekadi, mano onse pamtunda, mpaka kuwaperekeza alendowo kugalimoto. Kuyambira tsikulo ndikuchita manyazi, ndipo ndikudzida.

Ahedi anayesa kuimba foni ku ofesi mawa lake, akuzungulirazungulira nkhani ngati galu wofuna pogona. Anawayankha kuti zonse zatha kale, tidikire ulendo wina, koma sakudziwa kuti udzakhala liti.

Dzulo poweruka ndinapeza mayi ake a Kachete ataima pakhomo la kalasi, atavala yunifolomu ya kuntchito kwawo kochapa zovala.

"Aphunzitsi, ndati ndidutse ndidzathokoze. Mwana uja sabata yonse nkhani ndi imodzi, akuti munam'sankha kuti ndi wodalirika. Chiyambire sukulu sanasankhidwepo pa chilichonse."

"Aa, n'zazing'ono, mayi," ndinatero, maso ali pansi.

"Nanga mphunzitsi wathu uja afika liti? Ndamva kuti kusukulu ya kuseri kwa msika wafika kale."

Ndinaona ahedi akutuluka mu ofesi. Atationa anabwereranso, chitseko n'kutseka. Amuna akuluakulu!

"Mayi, kuno sabwera."

"Iii, chifukwa chiyani? A ku ofesi sanamve kuti kuno kuli ana ngati wangayu?"

Bodza linali litafika kale pamlomo, lokonzeka bwinobwino: ofesi, kukondera, akuluakulu osamva. Koma Kachete anali ataima pambali pa mayi ake, akundiyang'ana m'maso, mwana amene sayang'ana munthu m'maso.

"Anabwera kudzam'funa mwana wanuyu, mayi. Ine ndinam'tsekera m'chipinda cha matsache."

Mayiwo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana mwana wawo. Amene analankhula ndi Kachete.

"Ndiye kuti sindine wodalirika, aphunzitsi?"