Chitini cha Dikel

Madalaivala onse a matola a pa siteji ya Dahra anali ndi chozimitsira moto chimodzi chokha. Chinali chitini chofiira chophwanyika pamimba, ndipo anachipatsa dzina loti Alaji, dzina la ulemu la Msilamu amene anayendapo ulendo wautali wa kumalo oyera, poti chinali chitayenda maulendo ambiri kuposa munthu aliyense m'dera lonse lino la Ferlo. Ntchito yake inali yodutsa pachipata cha apolisi basi. Wotuluka m'tauni ankachikhazika pampando kuti apolisi achione, ndipo akafika pa mlambe wa kuseri kwa chipatacho ankapatsira mnzake wolowa, iyeyo nkudutsa nacho, nkukachisiya pa siteji. Apolisi nawonso ankamudziwa Alaji, koma lamulo linkangoti galimoto ikhale ndi chitini, silinkanena kuti chikhale cha ndani. Zoti m'katimo munali kanthu kapena ayi palibe anayesapo.

Yero Ka anaseka nawo nthabwala imeneyi kwa zaka zambiri. Mkazi wake Dikel sankaseka. Yero akabwera ndi pikapu yake kumudzi, mayiyu ankamuona akugona chagada kunsi kwa galimoto, akukokera kunja ndi waya udzu wokanirira pa paipi ya utsi. Udzuwo unkatuluka wakuda, wina ukufuka. Dikel analankhula mpaka kutopa, kenaka anasiya kulankhula, anatenga nkhosa yake yaikazi nkukagulitsa pamsika. Anabwerako ndi chitini chatsopano cholemera, ndipo anaimirira yekha pa owotcherera mpaka atachimangira pabwino kumbuyo kwa mpando wa dalaivala.

Anzake a pa siteji sanamusiye Yero. Ankati wakwatira mkazi wachiwiri wofiira ndipo wamkulu ndi amene wapereka chiwongo. Yero ankaseka nawo, koma mumtima ankanyadira, chifukwa mwa onsewo ndi iye yekha amene mkazi wake anamuganizira chotero.

Chaka chimenecho mvula inachita njomba. Kumpoto konse kunali mbee, ndipo udzu unamera bwino dera limodzi lokha, lozungulira mudzi wa a Hamadi Sow, malume ake a Yero. Anthu a m'tauni akaona udzu wouma amati ndi tchire. Kwa ife oweta ng'ombe udzu wouma ndi nkhokwe: ng'ombe zimadya umenewo mpaka mvula ina, ndipo ukatha, zatha. A Hamadi ndi amene analera Yero bambo ake atamwalira, ndipo ng'ombe zochepa za Yero zinali m'khola lawo. Mkuluyu anasonkhanitsa amuna onse nkulambula mzere waukulu kuzungulira udzuwo kuti moto wochokera kunja usalowe. Analetsa kusuta fodya m'busamo, analetsa ngakhale abusa kuwiritsiramo tiyi, chinthu chimene anthu anadandaula nacho kuposa njala.

Tsiku la msika Yero anapakira mpunga, shuga, matumba a chakudya cha ziweto ndi anthu pamwamba pa katunduyo, nkunyamuka dzuwa lili pamutu. Pachipata wapolisi anasuzumira, anaona chitini chatsopano, anagwedeza mutu ngati waona mbuzi yovala nsapato, nkumuuza kuti apite.

Pa mlambe paja anapeza pikapu ya Saydu Ba itaima, yoloza kutauni. Saydu anatsika msanga nkutambasula dzanja monga mwa mwambo. Anafotokoza kuti Alaji sanabwere, wina anamuiwala pa siteji, ndipo iye wadikira mpaka kutopa. Kumbuyo kwa galimoto yake kunali mayi woyembekezera atagona pamphasa, akubuula, amayi awiri atamutchingira dzuwa ndi nsalu. Popanda chitini apolisi akanamuimitsa pambali mpaka madzulo.

"Ichi n'cha mayi a kunyumba, achimwene," anatero Yero.

"Ndiye ndikachidya? Mawa uchipeza pa siteji. Kapena ufuna mayi uyu achirire pachipata, apolisi akhale azamba?"

Okwera a Yero anayamba kung'ung'udza kuti munthu wanji wouma mtima chotere. Nkhalamba ina pamwamba pa matumba inati kupatsa n'kuika. Yero anakumbukira masiku ambirimbiri amene iyenso anaima pa mlambe womwewo dzanja lili m'mwamba, ndipo palibe anamumanapo. Anamasula chitinicho nkupereka. Sindingamunene kuti analakwa pamenepo, ndipo amene akuti akanakana akunama.

Kulakwa kunabwera patsogolo. Atayandikira kwawo anapeza lole ya makala itatitimira mumchenga pamalo opapatiza, yatseka njira. Kumanja kunali chigwa cha minga, kumanzere kunali mzere wolambula uja ndi udzu wa malume ake, wofika m'chiuno, wachikasu mpaka kumene maso amalekezera. Njira yozungulira inali yaitali ndipo mafuta anali ochepa. Okwera anali atapsa ndi dzuwa, ana akulira. Yero ankalidziwa busalo ngati chikhatho chake, anakuliramo akuweta mathole. Anadziuza kuti ndi pafupi, adutsa mofulumira, malume sadzadziwa. Analowetsa magiya a matayala onse anayi nkuwoloka mzerewo.

Udzu unkakwapula kunsi kwa galimoto ngati mvula pa malata. Galimoto inali yolemera, injini inkalira mokakamizika, ndipo pakati penipeni pa busalo mayi wina kumbuyo anamenya denga nkunena kuti akumva kununkha. Yero anaima, anatsika, anagwada.

Moto wake unali waung'ono. Aliyense amene analipo amanena zomwezo mpaka lero: unali ngati wa pa mbaula ya tiyi, utagwira mpukutu wa udzu pakati pa paipi ndi chitsulo. Dzanja la Yero linapita lokha kumbuyo kwa mpando nkupeza malamba a chitini ali lende. Anaima pamenepo kanthawi kochepa kwambiri, koma mantha amene anamugwira sanawaonepo chibadwire.

Anayesa zonse. Anakumba mchenga ndi manja koma pansi pa udzu nthaka inali gwa. Wina anathira madzi a m'ketulo, osafika pamotopo. Mayi wina anakhuthula chipanda chonse cha mkaka wosasa. Yero anavula malaya, analowa kunsi nkumaphwanya motowo ndi manja mpaka khungu linasupuka, koma udzu woyaka unkagwera pa udzu wa pansi, ndipo mphepo youma ya kum'mawa inali ikuwomba monga imachitira nyengo imeneyo. Amuna awiri anamukoka miyendo pamene tayala linagwira moto. Anthu anathawira kumene mphepo inkachokera, atanyamula ana, katundu yense nkumusiya.

Moto wa m'tchire suthamanga ngati munthu, umalumpha. Pamene a kumudzi ankafika ndi nthambi ndi masaka onyowa, unali utatambalala kuposa pamene mfuu ingafike. Mzere umene a Hamadi analambula unagwira ntchito yake mokhulupirika: moto sunatuluke kunja, unadya za m'kati zokhazokha. Abusa anathamangitsa ng'ombe nkuziwolotsa, ndipo palibe munthu anafa. Dzuwa likupendeka, kuchokera pamudzi mpaka kuchitsime kunali lupsa lokhalokha, lakuda bii, zitsa zikufuka, ndi chigoba cha pikapu chili pakati.

Dikel anamupeza mwamuna wake atakhala pansi kuseri kwa khola, manja ali m'mwamba chifukwa sakanatha kuwatsamiritsa paliponse. Anamupaka mafuta a mkaka nkumumanga nsalu. Atamaliza anafunsa funso limodzi.

"Chitini chija chinakana kugwira ntchito?"

"Ndinamubwereka Saydu."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanatukwane, sanalire. Anatola mbale ya mafuta ija nkulowa m'nyumba, ndipo Yero akanakonda akanamumenya nayo.

M'mawa mwake amuna anasonkhana pa bwalo la a Hamadi. Ena ankafuna kuti Yero aperekedwe kwa a zankhalango akamangidwe. Ena ankati mlandu ndi wa madalaivala onse ndi chitini chawo chopanda kanthu chija. Saydu anabwera pa njinga yamoto, maso ali pansi, nkunena kuti mayi uja wachira bwino, mwana wamwamuna. Anthu anati Mulungu atamandike, koma anatero ndi mawu otsika. A Hamadi anamvetsera zonse atatsamira ndodo yawo, ndevu zitachita phulusa. Anati ndende siimeretsa udzu. Anati ng'ombe zinyamuka mawa lomwe kulowera kummwera, kumene amati kudakali msipu, ulendo umene m'nyengo yotentha ngati imeneyo munthu wanzeru sauyamba. Kenaka anatembenukira kwa Yero.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, galimoto ulibenso. Uyenda nafe. Malo ako ndi kumbuyo kwenikweni, ndi zofooka."

Aliyense wokulira m'khola amadziwa ntchito ya woyenda kumbuyo. Ng'ombe ikagwa osadzukanso, sungaisiye ife yokha, nyama yake ikhala yoletsedwa pa chipembedzo chathu. Woyenda kumbuyo ndi amene amanyamula mpeni.

Ananyamuka akazi ndi ana ali pa ngolo za abulu, amuna pansi. Masiku oyamba anadutsa m'dera limene ziweto za ena zinadya kale mpaka fumbi. Pa zitsime eni ake ankawalola kumwetsa monyinyirika nkuwauza kuti asagone. Ng'ombe zinayamba kudya makungwa ndi mapepala otayidwa m'njira. Nthiti zinaonekera, malinunda anagwa, mkaka unauma, ndipo mathole ankalira mpaka mawu kutha. Yero ankayenda m'fumbi la gulu lonse, manja omangidwa nsalu, akukankha zotsalira ndi phewa. Yoyamba kugwa inali nkhalamba ya ng'ombe ya a Hamadi. Anaizinga, amuna anabwera kudzasenda, nyama anaiyanika pa ngolo. Yachiwiri ndi yachitatu zinali za anthu ena, ndipo eni ake ankabwera kudzaima pambali pake mpaka amalize. Zilonda za m'manja zinkatseguka nthawi iliyonse akagwira mpeni.

Tsiku lina masana kunagwa ng'ombe yaikazi yaing'ono, yoyera, ya banga lofiira pakhosi. Yero anaidziwa isanafike n'pansi pomwe. Inali ya mwana wake wamkazi Kumbel, imene a Hamadi anamupatsa tsiku lomutcha dzina, monga timachitira kuti mwana akule ndi chuma chake. Inali ndi bere loyamba. Yero anaikoka mchira, anainyamula ndi phewa, anaithira m'kamwa madzi ake akumwa, anaiitana ndi dzina lake monga ankaiitanira mwanayo. Ng'ombeyo inayesa kudzuka, miyendo yakutsogolo inakana, inagonanso nkutambasula khosi.

Gulu linali likupitirira. Ngolo imodzi yokha inaima patsogolo pang'ono, ndipo Yero anaona Dikel atakhala chowongoka, Kumbel ali pambali pake akusuzumira. A Hamadi anabwerera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anaiyang'ana ng'ombeyo m'maso, anaigwira khutu.

"Ikupita iyi. Fulumira."

"Malume, iyi yokha aizinge wina."

"Wina ndani? Aliyense ali ndi zake zoti akankhe."

Yero anayang'ana kungolo kuja, akuyembekeza kuti Dikel amutembenuza mwanayo kapena amuphimba kumaso ndi nsalu. Dikel sanatero. Anamukweza Kumbel pamiyendo kuti aone bwino, nkumugwira mapewa.

Yero analozetsa khosi la ng'ombeyo kum'mawa, kumene timayang'ana popemphera, anatchula dzina la Mulungu ndi mawu amene iye mwini sanawamve, ndipo anagwira ntchito yake mwana wake akuonerera.