Zala Zitatu za Bambo

Mayi amene anabwera kudzayendera maukonde m'shedi ya asodzi anasiya kumwetulira atafika pa ukonde wachisanu. Analowetsa kachitsulo kake koyezera m'diso la ukondewo, kachitsuloko kanakana. Anayesa diso lina, kanakananso.

Tcheyamani wa gulu la asodziwo anasendera pafupi kuti aone. Kwa zaka zinayi gululi linakhala likuthamangira satifiketi yosonyeza kuti nsomba zawo zamizeremizere, zomwe ogula amazitcha pechi, amazigwira mosamala, osakokolola ndi tiana tomwe. Fakitale yomwe inkawagula nsombazo inali itanenetsa kuti popanda pepalalo isiya kuwagula.

"Anayi akalewa ali bwino," anatero mayiyo. "Koma atsopanowa maso ake achepa. Kansomba kosakhwima sikangapulumukemo. Analuka ndani?"

Asodzi onse m'shedimo anatembenukira kukona. Woluka maukonde analipo mmodzi yekha, bambo ake a tcheyamaniyo, omwe aliyense ankawatchula kuti a Zalazitatu. Anali atakhala pakona, pa kreti yovundikira, atavala jekete m'mawa wotentha ngati umenewo.

"Ndinaluka ndine, mayi," anatero mkuluyo. "Kachitsulo kanuko ndiye kakudwala. Ine zaka makumi anayi muyeso wanga ndi uwu." Anakweza zala zitatu. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zitatuzi sizinanamizepo ukonde."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amantha. Mayiyo sanakangane nawo. Anangowabweretsera ukonde watsopano ndi wina wakale.

"Tayezani nokha, bambo."

Mu watsopano zalazo zinalowa n'kukwana ndendende. A Zalazitatu anayang'ana anthu monyadira. Kenaka anazilowetsa mu wakale, womwe analuka okha zaka zitatu zapitazo. Zinangolowa khwekhwerere, mpata n'kutsala woti chala chachinayi n'kukwanamo.



Tcheyamani anayang'ana dzanja la bambo ake ngati akuliona koyamba. Linali mafupa okhaokha. Apo m'pomwe anaona kuti mphete yaukwati yachoka pachala, ikulendewera pakachingwe m'khosi. Anaonanso zibowo zatsopano palamba, zoboola ndi msomali. Iye amene ankadziwa pamtima kutalika kwa nsomba yololedwa, amene ankayeza chilichonse chotuluka m'madzi, chaka chathunthu sanaone kuti bambo ake akutha. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anadzida.

"Pepani," mayiyo anatero motsitsa mawu. "Maukonde amenewa adulidwe ine ndikuona. Apo ayi, ndilemba kuti gulu lalephera."

"Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola," msodzi wina anang'ung'udza kumbuyo. Mnzake anamugunda ndi chigongono, koma mawu anali atatuluka kale.

Maukonde atsopanowo analipo asanu ndi anayi, ntchito ya chaka chonse. Tcheyamani anatenga mpeni patebulo lotumbulira nsomba. Anagwira ukonde woyamba, koma mpeni sunatsike.

"Bweretsa kuno," anatero bambo ake. "Mwana sadula ntchito ya bambo ake anthu akuona. Ufuna azidzakunena mpaka liti?"

Anadula okha, ukonde umodziumodzi, akupumira pakati. Palibe anayerekeza kuwathandiza. Atamaliza anapukuta mpeni pathalauza n'kutembenukira kwa mayi uja.

"Kachitsulo kameneka, mayi, kamaonda?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye mutisiyireko kamodzi. Wodzaluka pambuyo panga asadzadalire nyama ya thupi lake."

Mayiyo analemba zolemba zake, maso ali pa pepala nthawi yaitali kuposa momwe zilembozo zimafunira. Ananena kuti gulu lakhoza. Asodzi anaomba m'manja mwaulesi, n'kumatuluka mmodzimmodzi.

Tcheyamani anagwada pafupi ndi kreti ija.

"Bambo, mawa m'mawa tipite kuchipatala."

"Ndinapita kale, mwana wanga. Miyezi isanu yapitayo."

"Osandiuza?"

"Unali kumsonkhano wa satifiketi. Ndinati umalize kaye chimodzi." Anatulutsa singano yolukira m'thumba la jekete n'kumuika m'manja. "Adokotala anati palibenso choyeza."

Tcheyamani anawagwira dzanja kuti awadzutse. Dzanja lonselo, ndi zala zake zitatu zotchukazo, linakwana m'chikhatho chake ngati la mwana.