Miyezi Khumi ndi Iwiri ya Keishla

Kwathu kuno ku Yabucoa mwana salembedwa papepala kuti akukhala ndi yani. Mayi akamwalira, bambo n'kukwera ndege kukasaka ntchito, mwana amangosamukira kwa azakhali ake ndi kachikwama ka zovala, nkhani n'kuthera pomwepo. Sipakhala loya, sipakhala siginecha. Wolerayo akangoyerekeza kupita nazo ku ofesi, achibale amamuyang'ana ngati wakuba.

Umu ndi mmene Keishla anafikira kwa Zoraida Cotto, ali ndi zaka ziwiri. Mayi ake anali atangoikidwa m'manda, ndipo bambo ake, Efraín, mlongo wake wamng'ono wa Zoraida, anati akupita ku Orlando, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kwa miyezi itatu yokha. Mwanayo anakula mpaka kukwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, miyezi itatu ija isanathebe.

Zoraida ankagwira ntchito mubekale ya pamsewu waukulu, kudula buledi ndi kuthira khofi kuyambira mbandakucha mpaka masana. Malipiro ake anali aja oti sufa nawo ndi njala komanso sunenepa nawo. Za misonkho sankafuna n'kumva komwe. Monga ambiri a ife, ankakhulupirira kuti wosauka akafuna mtendere, boma lisamudziwe dzina.

Amene anamukokera kumaphunziro a Loweruka anali Don Chago, makaniko wopuma ntchito amene ankakhala mubekalemo m'mawa wonse ndi kapu imodzi ya khofi.

"Tiyeni kuholo Loweruka likubwerali," anatero Don Chago. "Akuphunzitsa kasungidwe ka ndalama."

"Ndalama zake ziti? Kapena agawa kaye ndiye aphunzitse kusunga?"

"Kumakhala khofi waulere."

"Inu Don Chago, ine ndingasowe khofi? Mukundiona ndagwira chiyani m'manjamu?"

Anapitabe, makamaka kuti mkuluyo asiye kumusokosa. Mphunzitsi anali Misi Berríos, mlangizi wa ku ofesi yosamalira mabanja, mayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Sabata yoyamba anawaonetsa mmene ngongole ya sofa ya pang'onopang'ono imadyera munthu mpaka kulipira sofa ziwiri atakhalira imodzi. Don Chago anagwira mutu n'kunena kuti ndiye kuti iye wakhala akugulira mipando anthu osawadziwa. Sabata yachiwiri Misi Berríos anauza aliyense kuti abwere ndi pepala lake la malipiro.

"Onani mzere wachitatuwo," anatero Misi Berríos. "Kandalama ako amakudulani nthawi iliyonse mukalandira. Ndiye inu amene mumati mukubisala kuti boma lisakudziweni, pepani. Linakudziwani kalekale, ndipo limadya nanu mbale imodzi."

Anthu anaseka, koma Zoraida sanaseke. Zaka khumi ndi zisanu ankangopinda pepalalo n'kuliponya mudirowa osaliwerenga.

"Tsono mverani," mlangiziyo anapitiriza. "Ngati mumagwira ntchito, malipiro anu ndi ochepa, ndipo mukulera mwana, pali ndalama imene boma limakubwezerani. Si yopempha, si yachifundo. Ndi thukuta lanu. Koma siyenda yokha kukupezani pakhonde. Mulembe fomu ya msonkho, ndipo pano timathandiza kulemba mwaulere."

Zoraida anakweza dzanja mwamanyazi. "Nanga mwanayo akakhala woti sunabereke ndiwe?"

"Ndi ndani wanu?"

"Mwana wa mlongo wanga."

"Amagona kuti?"

"Kwanga."

"Miyezi ingati pachaka?"

"Yonse. Akagonanso kuti?"

"Ndiye pafomu pali kabokosi kofunsa zimenezo. Mulembamo khumi ndi iwiri. Lamulo limayang'ana kumene mwana amagona, mayi, siliyang'ana amene anamupatsa mphuno."

Apa m'pamene Zoraida anakumbukira foni ya mwezi wa Febuluwale. Chaka chilichonse mwezi umenewu Efraín ankaimba ndi mawu otsekemera, kufunsa za Keishla, za sukulu, za denga lodontha, kenako pomaliza n'kuponyapo kuti, "Mwana uja ndamuikanso pamapepala anga, achemwali, mwa nthawi zonse. Ndi za mapepala chabe." M'Malichi kunkabwera katoni ya nsapato ndi chidole. Zoraida ankathokoza, n'kumauza aliyense mubekale kuti mlongo wake saiwala mwana.

Anthu atatuluka, anatsalira n'kufotokoza zonsezi. Misi Berríos analemba nambala pakapepala n'kumukankhira. Zoraida anaiyang'ana pakamwa pali yasa. Inali ndalama yokwanira kumata denga la kuchipinda kwa Keishla, kumene chinyontho chinkamudzutsira mwanayo mphumu mvula ikangogwa. Ndipo ndalama yotero inkalowa m'thumba mwa Efraín chaka ndi chaka, Zoraida akuvinira nsapato.

Anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Kenako mkwiyo unaphwa, m'malo mwake munalowa mantha.

"Ndikalemba, sangandilande mwana?"

Misi Berríos sanamunamize. "Fomu ya msonkho sikupatsani mwana. Iye ndi bambo, ndipo inu mulibe pepala lililonse la khoti. Akafuna kumutenga, pali maloya aulere amene ndingakutumizeniko, koma sindingakulonjezeni kanthu. Yambani mwasonkhanitsa umboni woti amakhala nanu. Kalata ya kusukulu, ya kuchipatala. Ndipo mulankhule naye mlongo wanuyo musanatumize. Asamve kwa boma."

Lolemba ataweruka anapita kusukulu. Mlembi, mayi wa magalasi a unyolo, anatulutsa faelo n'kupukusa mutu.

"Zoraida, taona zomwe unachita. Pa kholo kapena womulera unalemba Efraín Cotto. Chaka chilichonse Efraín Cotto. Iwe uli pansi apa, pa munthu woimbiridwa foni pakagwa ngozi."

"Nanga si ndiye bambo ake? Ndikanalemba langa zikanaoneka ngati ndamufufuta."

"Ine bambo ameneyu sindinamuonepo ngakhale nsapato yake. Amene amabwera kudzakangana nane za mayunifolomu ndiwe."

Ulemu wathu umenewu, wosafuna kuchititsa manyazi mwamuna wa pabanja ngakhale papepala limene sadzaliona, ndi umene unatsala pang'ono kumusiya Zoraida manja lende. Mwamwayi keyala ya mufaeloyo inali ya nyumba ya Zoraida, ndipo ahedi analemba kalata yonena kuti mwanayo amakhala kumeneko ndi azakhali ake.

Kuchipatala kunalibe chovuta. Namwino anasindikiza mbiri yonse ya Keishla, masamba anayi. Zoraida anakhala pabenchi panja n'kuyamba kuwerenga. Katemera. Mphumu. Mphumu kachiwiri. Tsiku lija anameza kandalama kachitsulo. Dzino. Mphumu ya chaka cha mphepo yamkuntho, pamene anamubereka kumsana kudutsa mitengo yogwa chifukwa magalimoto sankayenda. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali dzina la amene anabwera ndi mwana, ndipo linali limodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zoraida sanadzionepo ngati munthu amene wachita chachikulu pamoyo. Pabenchi paja anadzinyadira, ndipo anawerenganso masambawo kachiwiri asananyamuke.

Lamlungu atachoka ku Misa anapita kwa mayi ake, Doña Monse, monga mwa masiku onse. Anadya mpunga wa nandolo ndi nthochi zokazinga pakhonde. Keishla atathamangira kuseri kukasewera ndi tiana tagalu, Zoraida anayala mapepala patebulo n'kufotokoza.

Doña Monse ankakonda ana ake onse, koma Efraín ankamukonda ndi supuni yaikulu.

"Ukufuna kumutengera mlongo wako kuboma?"

"Sindikumutengera kulikonse, Amayi. Ndikungolemba zoona."

"Za pabanja sizilembedwa. Ine ndinaleredwa ndi azakhali anga, sanapite nane ku ofesi ngati mbuzi yogula. Mwana ndi wa Efraín. Kunja kuja n'kovuta, iwe sukudziwa."

"Kuno n'kofewa?"

Asanayankhe, foni ya Doña Monse inalira. Anali Efraín, amene ankaimba Lamlungu lililonse masana kudzapempha dalitso kwa mayi ake. Mayiwo anamudalitsa, n'kukweza mawu a foni, n'kuiika pakati pa tebulo. "Lankhula ndi mchemwali wako. Ali ndi nzeru zatsopano za kuholo."

"Achemwali! Ndimati ndikuimbireni sabata ino. Nkhani ya mapepala ija..."

"Chaka chino usamuike, Efraín. Ndimulemba ine."

Efraín anaseka kuseka kokakamiza. "Mwayamba liti za misonkho inu? Ndani akukunamizani?"

"Palibe akundinamiza. Ndalamayo ndi ya amene akugona ndi mwana m'nyumba. Wakhala ukundidyera masuku pamutu zaka zisanu ndi ziwiri, ine n'kumakuthokoza."

"Ine ndimatumiza zinthu!"

"Umatumiza. Zikomo chifukwa cha nsapato."

"Amene amandilembera mafomu kuno anati palibe vuto, bola ndine bambo."

"Ameneyo umamulipira kuti akuuze zokukomera. Boma likadzakugwira, iyeyo adzakhala kulibe."

Mawu a Efraín anasintha, anauma. "Chabwino. Ngati nkhani ndi ya kumene mwana amagona, azigona kuno. Sukulu ikatsekera mu Juni ndimutumizira tikiti. Ndi mwana wanga, si wanu."

Ichi n'chimene Zoraida ankachiopa sabata yonse, ndipo chinafika ndendende mmene ankachiganizira. Mawu oti "basi, zisiye, ndimangocheza" anafika mpaka pamilomo. Denga likanatha kudikira. Ndalama ikanatha kupita. Anayang'ana mayi ake, koma iwo anali atatembenukira kumsewu. Anayang'ana masamba anayi a kuchipatala aja ali patebulo, ndipo anazindikira kuti akabweza mawu lero, chaka chilichonse azidzakhala ndi mwanayo ngati wobwereka, kudikira tsiku limene mwiniwake adzakwiye.

"Ndi wako, sindikukana," anatero Zoraida. "Sindinamuuzepo choipa chilichonse cha iwe. Koma sindilembanso bodza, ndipo sindikulola kuti ulembe bodza m'dzina lake. Ukafuna kumutenga, ubwere wekha, tidzakhale pansi pamaso pa anthu. Si katundu woti n'kutumiza pandege."

"Mupatseni foni. Ndimufunse yekha."

Zoraida akanatha kukana. Anadziwa bwino lomwe zimene Orlando amatanthauza kwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene amaona pa TV malo akuluakulu a masewera a ana a kumeneko. Komabe anaimirira n'kuitana, ndipo Keishla anabwera akuthamanga, mawondo ali fumbi lokhalokha.

"Ndidalitseni, Papi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Tamvera. Ungakonde kubwera kuno ku Orlando? Kuli dziwe losambiramo pompano panyumba. Ndidzakutengera kumasewera aja umawakonda."

Maso a mwanayo anawala.

"Eee! Zoona, Papi? Titi, mwamva?" Titi ndi mmene ana a kuno amaitanira azakhali awo. Anadumphadumpha, kenako anaima n'kuyamba kuwerenga zala. "Koma tibwere Loweruka masana, chifukwa m'mawa Titi amapita kusukulu yawo ya ndalama. Ndiye tibwerere Lamlungu, chifukwa Lolemba amatsegula bekale."

"Ayi, mwana wanga, ndikunena iweyo. Kudzakhala kuno ndi ine."

Keishla anakwinya nkhope, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wapatsidwa samu yolakwika.

"Ndekha? Nanga Titi atsala ndi ndani?" Anaganiza pang'ono, n'kupeza yankho limene linamukhutiritsa. "Inuyo ndiye mubwere, Papi. Muli nokha, n'kosavuta. Mudzagona pa sofa. Kuchipinda kwanga kumadontha."

Mwanayo anayang'ana akuluakuluwo mmodzimmodzi, anaona kuti nkhani yatha, n'kufunsa ngati angabwerere kwa tiana tagalu. Zoraida anangogwedeza mutu.

Doña Monse anasuzumira foni kuona ngati yaduka.

"Kumadontha zoona?" Efraín anafunsa pomaliza, mawu atatsika.

"Chaka chachitatu tsopano."

"Simunandiuze kuti n'kuchipinda kwake."

"Ndinakuuza. Unati uona."

Efraín anapumira m'mwamba. Ankamveka ngati kamnyamata kaja Zoraida ankakasambitsa m'beseni mayi awo ali kufakitale. "Ndalama imeneyo ndinali nditaiwerengera kale pa galimoto, achemwali. Zinthu sizili bwino kuno."

"Ndikudziwa. Malo othandiza mwaulere ngati kuholo kwathu aliko kumenekonso. Ndikufunsira kwa Misi Berríos. Upite ukawauze zoona zonse, za zaka zapitazi zomwe, akuuze kakonzedwe kake."

"Mwasanduka loya tsopano."

"Ndasanduka munthu wowerenga pepala lake."

Efraín anaseka pang'ono, ndipo ulendo uno kunali kuseka kwenikweni, ngakhale kwamanyazi. "Za tikiti zija muiwale. Ndinalankhula ndi mkwiyo. Mulembeni mwanayo." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo kusukulu kuja, pa womulera, muzilemba dzina lanu. Ndikudziwa kuti mumalemba langa."

Foni itaduka, Doña Monse anayamba kusonkhanitsa mbale mwaphokoso, ngati zawalakwira. Atafika pa mapepala a kuchipatala anaima, anapukuta manja pa epuloni, n'kunyamula tsamba loyamba. Anatsitsa chala pamzere wa maina mpaka pansi, n'kutenga lachiwiri, lachitatu, lachinayi.

"Maulendo onsewa unkapita wekha?"

"Ndekha, Amayi."

Mayiwo anasanja masambawo bwinobwino, m'mbali mwake kulingana, n'kuwapereka kwa mwana wawo ndi manja awiri.